Mazana Atatu

Botolo labwera pa basi,
ladutsa Tete, ladutsa Dedza,
chivindikiro chokulungidwa ndi selotepi.
Zeferino walembapo ndi bolopeni yofuna kutha:
Chinde, mamita khumi ndi awiri pansi, Lachitatu.
Ndatsegula. Fungo la mazira owola ladzaza labu yonse,
a Kamtedza atuluka msanga ngati aitanidwa.

Ine nyanja yamchere sindinaionepo.
Ndinabadwira ku Kawale, ndimagonabe ku Kawale,
koma matope ake ndimawadziwa kuposa asodzi a kumeneko.
Ndimawatsuka pa sefa ya timaso tosaoneka,
mosamala, ngati mpunga wa apongozi,
mpaka patsale kafumbi kokwana pa chikhadabo.

Kafumbi kameneko ndi mudzi.

Pansi pa galasi la maikulosikopu pali tinyumba:
kena kopindika ngati nyanga ya nkhosa,
kena kolukidwa ngati tsitsi la mwana wasukulu Lolemba m'mawa,
kena ka timchenga tomatamata.
Mmisiri wake alibe dzanja, alibe diso,
koma chipinda chilichonse chimaposa chinzake pang'ono
ndipo khomo saliiwala.
Mabuku amati folaminifera,
dzina lalitali kuposa mwini wake.

Lamulo ndi lakuti ndiwerenge mazana atatu.
Ndimanyowetsa kabulashi, ndimagwira mpweya,
chifukwa kutsokomola kumodzi kungasamutse fuko.
Tofiira ndi mankhwala tinali moyo
tsiku limene Zeferino anatsitsa chitsulo chake m'madzi.
Toyera ndi mabwinja.

M'kabati muli kaundula wachikasu
wa mayi amene anakhala pampando uno ine ndisanabwere,
zilembo zopendekera kumanzere.
Pamalo omwewo anapeza mitundu makumi anayi ndi umodzi.
Ine ndafika mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi
ndipo ndi banja limodzi lokhalokha,
lija losasankha, lopirira madzi opanda mpweya,
akhwangwala a padzala.
Enawo ndinalemba kuti asamuka, kenako ndafafaniza.
Asamuka ndi miyendo iti?

Kamodzi kandiimitsa.
Chipinda chake chachisanu chamera chammbali ngati chotupa,
chachisanu ndi chimodzi chabwerera m'mbuyo
ngati womanga waiwala kumene amapita.
Kanamangabe. Kanamaliza.
Ndili kukayang'ana, magetsi azima.

Pobwerera ndadutsa pamlatho wapansi,
fumbi la Okutobala m'mano, a kabaza akuimba belu kumsana.
Mtsinje wa Lilongwe wawonda, nthiti zonse pamtunda.
Majumbo akoleka m'bango ngati zovala zoyanika,
matewera, mabatire, oilo wa m'magalaja
akuwala mitundu isanu ndi iwiri pamwamba pa madzi akuda,
mnyamata akutsuka tomato chakumunsi kwake.

Dzulo Tinenenji amaloweza za mayeso, akugogoda tebulo:
Lilongwe athira mu Linthipe,
Linthipe m'nyanja, nyanja mu Shire,
Shire mu Zambezi,
Zambezi athira kuti, amayi?
Ndinati ku Chinde, mwanangu, uzimitse kandulo ukatha.

Sindikunena kuti ndi ife.
A Kamtedza amati wasayansi sanena chimene sanayeze,
ndipo pakati pathu ndi Chinde pali migodi, minda, mizinda,
aliyense ndi ndowa yake.
Komabe madzi saonetsa pasipoti pachipata.
Kanthu kopanda pakamwa kanditumizira kalata
yolembedwa ndi nyumba yake yomwe,
ndipo yafika pa desiki ya munthu wa kumtunda.

M'dzanja ndinali ndi jumbo ya chipisi, yamafuta, yopanda kanthu.
Ndaipinda kanayi, ndaiika m'chikwama
pamodzi ndi makiyi a labu.
Si kanthu, ndikudziwa.

Mawa magetsi akayaka atsala makumi anayi.
Ndidzanyowetsa kabulashi, ndidzagwira mpweya.
Mwina pakona ya thireyi, pansi pa kamchenga,
pali mlendo mmodzi wa m'kaundula wachikasu uja,
ndipo ndi wofiira.