Mzere Umodzi ndi Zingati?

Pa msewu wa ku Chinamwali panali zikwangwani ziwiri,
chilichonse chikulonjeza setifiketi m'miyezi itatu.
Ndinakwera masitepe a choyamba:
makompyuta asanu, awiri okha oyaka,
ophunzira makumi atatu akulondera mpando.
Ndinafunsa, "Anamaliza chaka chatha aja ali kuti?"
Mwini sukulu anayang'ana foni yake
ngati yankho libwera pa meseji.
Chachiwiricho sindinakwere n'komwe.

Mayi Namangale analibe chikwangwani.
Anali ndi kachipinda kuseri kwa msika
ndi kiyibodi yofufutika zilembo,
zaka makumi awiri akutaipa mawu a madokotala.
"Pepala langa silinyezimira," anatero,
"koma ukatuluka muno udzasiyanitsa
mamiligalamu khumi ndi asanu ndi makumi asanu
ngakhale dokotala alankhule akutafuna chinangwa.
Pakati pa ziwirizo pali bokosi la maliro."

Mlongo wanga Dayitoni anagulitsa njinga yake ya kabaza.
Fizi anandipatsa m'pepala la shuga,
maso ali kumbali.

Ndinaphunzira kumvera ndi phazi:
ponda, mawu aime; pondanso, abwerere.
Ndinadziwa kuti impso, kapamba ndi ndulu
zili ndi maina ena aatali a kusukulu.
Pomwe sindinamve ndinkasiya mpata,
chifukwa kungoganizira Mayi ankati ndi ufiti.
Lachinayi lina mawu a m'makutu anatchula
nthenda ija inatenga bambo ku Chipatala Chachikulu.
Ndinailemba bwinobwino, osaphonya chilembo,
kenako ndinatuluka kukaima pakhonde.
Phiri linali litafunda nkhungu mpaka m'chiuno.
Mayi sanafunse kanthu. Anangondisungira mpando.

Ndiye kusaka ntchito.
Wina anati nditumize kaye ya fomu pa foni.
Wina, "Yamba wagwira miyezi itatu yoyeserera,
za malipiro Mulungu adzaona."
Bwana wina wa tayi yofiira anati makalata anga ndi abwino,
tikamalizire kukambirana madzulo cha ku Mulunguzi.
Akunja ena, osaoneka nkhope, ankalipira pa mzere.
Ndinakhala pansi ndi pensulo:
kuchotsa bandulo, kuchotsa maola amene magetsi athawa,
kuchotsa mizere yomwe iwo ati yalakwika osaonetsa polakwika.
Zotsala zinakwana mulu umodzi wa tomato,
osati wamkulu uja.

Ku Matawale kuli kachipatala ka zipinda zinayi.
Dokotala Malikebu amalemba ngati nkhuku yapalasa,
anamwino anatopa n'kulosera.
Ndinakhala pamaso pawo, mawondo akugundana pansi pa tebulo,
ndinafunsa monga anandiphunzitsira Mayi:
Mzere umodzi ndi zingati?
Mumawerenga ndani, inu kapena tonse?
Tsiku lolandira ndi liti?
Magetsi akazima, watayika ndi mzere wa yani?
Anaseka mpaka kuvula magalasi.
Ine sindinaseke. Ndinawasunthira pepala.
Analemba, ndinawerenga movutikira, tinasaina.

Si zambiri. Lendi, sopo, ndi kangachepe kobisa m'chitini.

Sabata yachiwiri, m'makutu mwanga munalowa dzina
la mayi wina wa mzere wathu wa nyumba.
Zaka zake, kulemera kwake, zimene magazi anaulula.
Ndinataipa, ndinasunga, ndinatseka.
M'mawa tinakumana pa mpopi.
"Mwadzuka bwanji, anthu a pa ofesi?"
Ndinamusenzetsa ndowa monga mwa masiku onse,
ndipo tinadandaula limodzi za mtengo wa makala.

Mwezi watha ndagula tayala limodzi ndi tcheni.
Zapachikidwa pa msomali kuchipinda kwa Dayitoni.
Iye akuti njinga siyamba ndi tayala, imayamba ndi felemu.
Ndamuuza adikire.
Dokotala amalankhula kwambiri nyengo ya malungo.