Kope la Alufandika

Madzi a Ruo atabwerera kwawo,
kutisiyira mchenga kuchipinda ndi nsomba zakufa m'khola,
iwe sitinakupeze, Alufandika.
Tinapeza kope lako
litakodwa pa mphanda ya msangu,
lotupa ngati mtanda woiwalika.

Ndinaliyanika pa lata, tsamba ndi tsamba,
n'kupsinja ndi mwala.
Dzuwa la ku Makhanga silinyengerera munthu:
linaumitsa pepala, koma mawu silinabweze.
Nyimbo zako makumi awiri ndi zitatu
zinatsala ngati m'kamwa mwa nkhalamba,
apa dzino, apa mpata.

"Ndidzabwera pamene..." kenako thope.
"Usatseke..."
Chiyani, mbale wanga? Chitseko? Wailesi? Maso?
Unkalemba uli kodula nzimbe ku Nchalo,
manja ali matuza okhaokha, mwaye uli m'mphuno,
ukuwerenga masiku otsala kuti uone Felesiya
ndi kumva mphepo ya kudimba.
Ulimba wako unayandama, mwina unafika ku Marka,
mwina ng'ona zinadabwa nawo.

Chaka choyamba ndinkadzaza mipata ndi pensulo
usiku, udzudzu ukundiimbira zake.
Paliponse ndinkaikapo manda.
Ngakhale nyimbo ija ya njinga yopanda buleki,
imene inkatigwetsa ndi phwete,
ndinaiveka nsalu yakuda.

Tsiku lina Mainesi, mwana wako,
amene tsopano ali sitandade faifi
ndipo amaluma cholembera monga iwe,
anatenga kope osapempha.
Anafufuta zanga ndi mphira ya patapata.
Analemba:
"Ndidzabwera pamene mbatata zakhwima."
"Usatseke botolo la mbewu, mawa tikudzala."
Ndinati, bambo ako sanalembe zimenezo.
Anati, inu munaziona zimene analemba?
Ndinasowa poyankhira.

Anaziimba molakwika, mawu akuterereka
ngati phazi pa matope a Mtayamoyo.
Felesiya anali kupeta mapira kuseri,
iye amene chichitikire zija
amatuluka m'tchalitchi kwaya ikangoimirira.
Lichero linaima.
Ndinamva mankhusu akutera pansi, limodzilimodzi.
"Sizinkatero," anatero osatembenuka.
"Apo ankakweza mawu. Yambiranso."

Anayambiranso.
Kachitatu anali awiri.
Misozi inalipo, sindinama,
koma mapira anapetedwa onse tsiku limenelo.

Sindikunena kuti tachira.
Mitambo ikadera cha ku Thyolo
timasuzumirabe kumtsinje, katundu ali m'thumba.
Bala la mkati silimva jivi.
Koma dzulo, pooloka kupita ku Bangula,
wopalasa bwato, munthu wosatidziwa,
ankaimba mluzu wa mbatata zija,
ndipo mayi wina, nkhuku ili m'khwapa,
anafunsa kuti nyimboyo ndi ya ndani.

Mainesi anati, ndi yathu.

Kumapeto kwa kope kuli masamba asanu ndi limodzi
amene sunafikeko.
Madzi anawanyowetsa, koma analibe choti afufute.
Ndagula bolopeni ya buluu pamsika.
Ili pawindo, sitinaitsegule.
Tikudikira mzere woyamba.