Amoyo ndi Abuluu

Sikisi koloko, chisanu cha Juni chaluma Parktown.
Ndavala magolovesi, ndatulutsa botolo m'chofungatira
momwe mumafunda ngati m'khwapa mwa munthu.
Kadontho ka maselo, kadontho ka utoto wabuluu,
ndasakaniza, ndadikira pang'ono,
diso pa maikulosikopu.

Pansipa pali kamzinda ka timizere.
Amoyo akuwala mbee
ngati mawindo a Hillbrow ukamatsika takisi usiku.
Akufa amwa utoto.

Kgomotso, yemwe anandiphunzitsa ntchitoyi, anati:
amoyo amakana, khungu lawo limatseka chitseko.
Akufa sakana kanthu.

Chala chakumanja pa kamakina: khe, khe, khe, khe.
Chakumanzere chimadikira nthawi yake.
Khe.

Palinso lamulo la ogona pamzere.
Akakhudza wakumtunda kapena wakumanzere, awerenge.
Wakumunsi kapena wakumanja, asiye, si ako.
Sindinafunse kuti ndi a yani.
Ndinagonapo pa Beitbridge masiku awiri,
chikwama kumutu,
kudikira wina anene mbali yomwe ndagwera.

Foni yanjenjemera m'thumba la gauni.
Sindingaigwire ndi manja awa, komabe ndikudziwa:
gulu la kwathu likusonkha za bokosi la Lufeyo
wa ku Bilira,
yemwe ankawotcherera mageti ku Rosettenville.
Ankakana zonse Lufeyo.
Mowa anakana, katapila anakana,
chifuwa chitamugwira anakananso chipatala
poti chitupa chake chinali chitatha.
Ndiye Kgomotso, tandiuza,
kukana kumeneku nkwa mtundu uti?

Ndasokoneza.
Ndinali pa makumi asanu ndi angati kodi?
Ndafufuta, ndayambiranso pakona.

Amoyo 188. Akufa 12.
Pa zana lililonse, 94 akupuma,
ngati kupuma ndi mawu ake.
Kgomotso wasuzumira papepala, wagwedeza mutu:
zili bwino, agawe, uwapatse chakudya chatsopano.
Fomuyi ilibe mpata wa maina.

Chimene sitilemba nchakuti
onse amene ndawawerenga, owala ndi abuluu omwe,
sabwereranso m'botolo.
Anangotumidwa kudzaimira anzawo.
Ndawatsuka ndi sipiriti, galasi layera.

Ndavula magolovesi, lina mkati mwa linzake.
Panja dzuwa lafika pa majakaranda opanda maluwa.
Mauthenga ali 31.
Mndandanda wa osonkha wafika pa anthu khumi ndi anayi,
galimoto inyamuka Lachisanu.
Ndatumiza marandi mazana awiri,
ndalemba dzina langa pansi pa a Nankhoma,
ndabwerera kukatenga botolo lachiwiri.