Chala cha Joakina

Anafika ku Bangula pa galimoto zoyera,
matope a ku Chiromo ali m'matayala,
nanena kudzera mwa womasulira:
maiko agwirizana kuti amayi
akhale nawo pa tebulo la mtendere.

Joakina anasekera m'chitenje.
Tebulo lake linapita ndi Ruo usiku wa Lachiwiri,
pamodzi ndi mbuzi ziwiri ndi khadi la kusikelo.

Sanawauze za tenti yakumapeto
mmene a Khembo ndi a Alufazema
ankagona zikwanje kumutu,
poti mtengo wa masau, malire a minda yawo,
unazuka, mchenga n'kukwirira zonse.
Iye anakabwereka zikwanjezo,
ati akadulire nkhuni.
Mpaka lero sanabweze.

Sanawauze kuti kaundula wa amuna
anawerenga matumba a ufa, zigubu za mafuta,
osawerenga atsikana
oopa njira ya kuchimbudzi kukada.
Nyali yolendewera pa mthethe ija
anagula ndi ndalama ya milamba yake youma.

Anangofunsa:
msonkhanowo mwauika nthawi yanji?
M'mawa timakhala pamzere wa mjigo.

Mlendo anayang'ana pepala lake,
anafufuta naini koloko,
nalemba thuu.
Joakina anadinda chala.

Inki sinachoke masiku atatu.
Ndi chala chomwecho, kudimba,
matope akadali kununkha nsomba,
amuna awiri aja ataima motalikirana,
analoza pansi, nati: apa.
Bzalani mbatata apa, mzere umodzi.
Ikadzakhwima tidzaona
amene adzakane kudya.