Usiku Umene Zinathawa

Kuno ku Tromsø dzuwa limachoka mu Novembala
osatsanzika.
Ine ndimaimika basi yanga pakati pa usiku,
n'kusasa chipale kunsapato,
n'kutsikira m'chipinda chapansi
momwe bokosi lobiriwira limakhala
pakati pa matayala akale
ndi njinga ya Mayi Solfrid yoduka tcheni.

Muli nyongolotsi.
Zilipo chikwi, anatero mwana wanga Eivor
tsiku lonyamuka kupita kusukulu ku Bergen.
Zofiira, zoonda ngati ulusi wosokera nsapato.
Malamulo anandilembera pachivindikiro:
Pang'onopang'ono, bambo.
Anyezi ayi. Zowawasa ayi.
Pakhale chinyezi, osati dambo.

Koma dzanja la kholo silidziwa muyeso.
Pa Khirisimasi ndinati nazonso zilaweko:
makoko a malalanje mbale yathunthu,
mbatata zotsala, kabichi, ndi msuzi womwe.
Ndinavindikira, n'kukagona mtima uli mbee.

Usiku wachinayi kunamveka kugogoda.
Mayi Solfrid, chikhoti pamwamba pa zogonera:
Oddvar, ziweto zako zili paulendo.

Tinazipeza pasimenti, mbalalanda,
zina zikukwera khoma,
zina zitafika kale pafupi ndi paipi yotentha
n'kuuma gwa ngati timitengo ta machesi.
Nditatsegula bokosi
fungo linandimenya mbama.
Zosasa, zonyowa, zaterezi.
Phwando langa linali litasanduka chigumula.

Mayi awa ndi omwe aja
analembera komiti ya nyumba kawiri konse
kudandaula za tintchentche.
Ndinkadikira kalata yachitatu.
Iwo anangogwada,
mawondo a zaka makumi asanu ndi awiri akulira,
n'kunyowetsa zala m'kapu,
n'kuyamba kutola. Imodzi. Imodzi.
Usakoke, anatero, zimaduka.

Mpaka koloko inakwana folo
tinkang'amba nyuzipepala,
nkhani za mitengo ya nsomba, zotsatira za mpira,
maliro a anthu osawadziwa,
zonse kukhala mphasa youma.
Malalanje ndinawavuula ndi manja.
Iwo anapera makoko a mazira ndi botolo
mpaka anakhala ngati ufa.
Ndinaboola mabowo ena asanu ndi limodzi kunsi kwa bokosi,
madzi akuda n'kutuluka, dontho ndi dontho.

Finya, anatero. Ndinafinya.
Akatuluka madontho awiri, basi, zakwana.
Kodi munaphunzira kuti zimenezi?
Sanayankhe. Anayatsa nyali pamwamba pa bokosi.
Zimadana ndi kuwala, zibwerera zokha pansi.
Ndinaseka: dziko lonse likulirira dzuwa,
izi zikuthawa babu.

Milungu iwiri sindinazipatse kanthu.
Palibe ntchito yowawa ngati imeneyi,
kuima ndi khoko la nthochi m'manja
n'kubwerera nalo.
Ndinkangogunditsa khutu pabokosi.
Muli phokoso, mukamvetsera,
laling'ono, lonyowa,
ngati mvula ikuganiza zoyamba.

Eivor ankaimba Lamlungu lililonse.
Zili bwanji?
Zili bwino.
Inu mukudya?
Ndikudya.
Mabodza awiri, limodzi lokulirapo.

Dzuwa linasuzumira kuseri kwa phiri kumapeto kwa Januwale,
mphindi zochepa chabe, n'kubwerera.
Tsiku lomwelo ndinafukula pangodya ndi zala.
Dothi lakuda bii, lofewa,
lonunkhira ngati nkhalango mvula itakata.
Nkhani za mpira zija kulibenso. Maliro aja kulibenso.
Ndipo m'chikhato mwanga, timazira,
tachikasu, tosongoka mbali zonse ziwiri,
timandimu tenitenitu,
m'bokosi loletsedwa mandimu.

Ndinadzaza kapu ya khofi ndi dothilo,
n'kuisiya pakhomo la Mayi Solfrid.
Duwa lawo la pawindo lakhala likudwala chaka chonse.
Sanathokoze.
M'mawa mwake ndinapeza kathumba pachitseko changa,
makoko a mazira, otsuka kale, opera kale.

Zouma zija ndinaziwerenga usiku womwe uja:
makumi anayi ndi zitatu.
Lamlungu likudzali ndimuuza Eivor.
Ndiyambira pa timazira.