Njere za Masau

Anamutenga Lachiwiri m'mawa
pa doko la Mtayamoyo,
nkhafi ili m'manja,
chenji cha munthu woyamba asanabweze.
Akuti mbuzi imene anaolotsa Lolemba inali yakuba.
Kodi bwato limafunsa mbuzi
kuti mbuyako ndani?

Ine Nsai, mlongo wake wa Zuze,
sukulu ndinaisiyira panjira,
ndiye masiku ndinkawerenga ndi masau:
ndikadya limodzi pakhonde la polisi ku Bangula,
njere ndinkaimanga pansonga ya chitenje.

Njere yoyamba: abwana apita kumaliro.
Yachiwiri: abwana abwera, koma atopa.
Yachitatu: galimoto ilibe mafuta.
Yachinayi sanandiyankhe n'komwe.
Yachisanu inagwera Loweruka,
ndipo Loweruka, ndinaona ndekha,
chilungamo chimakhala chikuchapa zovala.

Mukudziwa Okutobala wa kuno kuchigwa.
Mbuzi zimabisala pansi pa ngolo,
phula limamata kuphazi.
Nanga anthu khumi ndi anayi
m'chitokosi cha malata,
ndowa imodzi pakona?
Ndinkaona zala zake zokha pa kazenera,
zala zozolowera madzi,
zitayamba kutuwa ngati khungwa la mlambe.

Tsiku la njere yachisanu ndi chitatu
Mayi Alufazema, ogulitsa makakana ouma,
anandigwira mkono pamsika.
Wawo anagonamo mwezi, chaka cha madzi osefukira.
Anati: masula mfundoyo ndione.
Anawerenga. Anagwedeza mutu.
Mwanawe, zisanu ndi imodzizi n'zakuba.
Lamulo lalikulu la dziko limawapatsa masiku awiri.
Akatha, amuonetse kwa woweruza
kapena amutsegulire chitseko.
Ndipo iwe, ndi mapazi ako ong'alukawo,
ukhoza kukafunsa khothi
kuti munthu wanga akusungidwiranji.

Ndinaseka.
Ine? Amene ndimagwada popereka moni kwa mlonda wa pageti?

Usiku Tchale wanga, wa Sitandade seveni,
anang'amba tsamba pakati pa kope la masamu.
Ndinkanena, iye n'kumalemba,
tochi ya foni ataluma pakamwa.
Kumbuyo kwa kalatayo kunali samu yolakwa
yothethedwa ndi cholembera chofiira.
M'mawa ndinagulitsa bakha
kuti ndipeze ya matola wa ku boma.

Ku Nsanje mtsikana wothandiza za malamulo
anawerenga tsambalo kawiri,
sanaseke zilembo za mwana,
analemba lina, n'kuliphatikiza ndi langa.
Mawondo anga ankawombana pansi pa benchi.

Woweruza anali wamfupi, wachimfine.
Sanakalipe.
Anangofunsa wapolisi: munthuyu ali kuti?
Ali m'buku, bwana.
Sindinaitane buku.
Mubwere naye pano mawa, iye mwini,
ndi miyendo yake, ndi pakamwa pake,
mudzanene pamaso pake chimene mukumusungira.

Mawa lakelo chonena chinasowa.
Mwini mbuzi anali ataipeza kalekale kwa mkamwini wake,
nkhaniyo anathetsa pa mowa,
osakumbuka kuti wina akuiphikira thukuta.

Zuze anatuluka atagwira buluku ndi dzanja,
lamba wake sanapezeke.
Bwato tinalipeza litang'aluka ndi dzuwa,
namasupuni atalizinga.
Palibe anapepesa.
Masiku aja sabwezedwa ngati chenji.

Usiku umenewo sanagone.
Anati: muli mnyamata wa ku Tengani mmenemuja,
dzina lake Fombe,
walowa sabata yachitatu,
kwawo akuganiza kuti ali ku Joni.

Njere khumi ndi imodzi zija ndinaziika m'kabotolo pazenera.
Lero ndadzuka nkhuku zisanatsike,
ndauza Tchale ang'ambenso tsamba.
Aphunzitsi adzafunsa kuti kope likuonda bwanji.
Adzawauze abwere, ndidzawafotokozera.