Zimene Chikolopa Chinasiya

Ndinafika ku Kanyama dzuwa litaswa kale mtengo.
Galimoto inakana matope pafupi ndi msika,
ndinamaliza wapansi, bokosi kudzanja.
Pakhomo anthu anali bii.
Aliyense anamva, palibe anaona.

M'nyumba munkanunkhira sopo.
Mayi Tikambenji, azakhali ake a malemu,
anali atakolopa kawiri.
"Olira akabwera akhale pamagazi?" anandifunsa.
Sindinayankhe. Ulemu nawonso umafufuta.

Koma chikolopa sichidziwa ngodya.
Ndinagwada.
Mumng'alu wa simenti, kuseri kwa mwendo wa kabati,
munabisala dontho louma, lofiirira ngati dzimbiri.
Ndinalitola ndi kathonje konyowa,
ndinaliumitsa, n'kulitsekera mu envelopu ya pepala,
pakuti m'pulasitiki magazi amachita nkhungu
n'kuiwala dzina la mwini wake.

Pachitsulo cha pawindo chimene anachipinda
panakodwa tiulusi titatu tabuluu,
ta ovolosi, ndikuganiza,
koma kuganiza si ntchito yanga lero.
Magalasi anagwera mkati.
Pachopondera panali dothi lofiira,
pomwe la kuno n'lotuwa, lodzala fumbi la miyala.
Mlendoyu anabwera atasenza kwawo kuphazi.

Kuseri, potayira madzi otsukira mbale,
nsapato inasaina m'matope:
saizi naini, chidendene chodyeka kumanzere.
Ndinathira pulasitala, n'kudikira kuti alimbe,
nkhuku za aneba zikundiyang'ana cham'mbali.
Pambali pake kachitsa ka ndudu.
"Yotamu sankasuta," anatero mkazi wake,
maso ali kukhoma.
Malovu ouma salandira chiphuphu.

Kenako ufa wakuda
ndi kaburashi kofewa ngati nthenga ya njiwa.
Pachitini chimene ankasungiramo ndalama
za kabuthi kake kotumizira makwacha pafoni,
zala zinayamba kutuluka,
mizere yozungulira ngati munda wa pachulu.
Zambiri n'za Yotamu mwini;
ndikatsimikiza madzulo kumochale,
dzanja lake lozizira lili m'dzanja langa,
ndikupala pansi pa zikhadabo zake,
mwina anatisungirako khungu la amene analimbana naye.

Zina zinali zazing'ono.
Ndinaitana Zelipa, wazaka zisanu ndi chimodzi,
ndinadetsa tizala take ndi inki
kuti ndimuchotse pamndandanda.
"Ndinangotenga wani kwacha ya vitumbuwa,"
ananong'ona. "Dzana. Adadi sanadziwe.
Mundimanga?"
Ayi, mwanawe.
Anandigwira dzanja, osafuna kusiya.

Panatsala chala chachikulu chimodzi
cha chipsera chodutsa pakati
ngati njira yachidule m'munda wa eni.
Chimenecho sichinali cha m'nyumba muno.

Ndinalemba chilichonse: tsiku, ola, malo, dzina langa.
Envelopu khumi ndi zinayi, zomatidwa, zosainidwa pomata,
kuti loya akadzafunsa kukhoti
amene anazigwira, ndi liti,
pasadzapezeke mpata wolowa mphepo.

Potuluka mkazi uja ananditsekera njira.
"Adzagwidwa?"
Ndikanakonda kunena inde.
Zinthu sizinama, mayi, koma zimayankhula mochedwa;
zina zimakhala pashelefu miyezi,
kudikira mankhwala a kulabu,
kudikira munthu woziyerekeza naye.
Sindinanene zonsezo.
Ndinangoti, "Musakolopenso kuseriko."

Usiku, mu minibasi ya ku Chelstone,
kondakitala akukangana ndi wina za chenji,
ndinadziyang'ana.
Matope otuwa m'maondo onse awiri.
Tsitsi la munthu wina pamkono wa malaya.
Nanenso ndinasiya maondo anga m'matope aja,
palibe amalowa m'nyumba n'kutuluka yekha.

Ndipo pachikhatho panga,
tizala tinayi ta inki, toonekera bwino
mzere uliwonse.
Umboni umenewu ulibe envelopu.
Ndinafika nawo kunyumba,
ndinayima pampopi nthawi yaitali
madzi akungotayika.